Kondomu yang'ambika kapena mwagonana osadziteteza: zochita masiku 5 asanathe

Mimba silowa pa mphindi imene mwamuna ndi mkazi agonana. Mbewu ya mwamuna imatha kukhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5 ikudikira dzira. Dzira likatuluka mkati mwa masiku amenewo zikhoza kukumana, mimba n'kuyamba. Likapanda kutuluka, mbewuyo imafa yokha. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito mu mpata umenewu, n'chifukwa chake nkhani yonse yagona pa nthawi. Atsikana ndi amayi ambiri kuno ku Chipata anamvapo kale za mapilitsi amene anthu amawatchula kuti morning after. Chimene chimawagwetsa si umbuli ayi, koma manyazi. Munthu amagona usiku wonse akuganiza kuti akanena chiyani kwa nesi, m'mawa n'kunena kuti ndipita mawa, pomwe maola akutha. Ndalemba izi kuti mukamatuluka m'nyumba mukhale mukudziwa kale kopita, chopempha ndi chonena.

Choyamba, onani ngati mukufunikadi mankhwalawa

Mukufunika ngati mwagonana popanda njira iliyonse yachilezi ndipo simukufuna mimba pano. Mukufunikanso ngati kondomu yang'ambika, yavuka kapena yatsalira mkati, kapena ngati mwamuna anati athira panja koma sizinatheke. Amene amamwa mapilitsi a tsiku ndi tsiku monga Microgynon kapena SafePlan, ngati mwadumpha masiku 3 kapena kuposa, makamaka m'sabata yoyamba ya paketi, kapena mwachedwa kuyamba paketi yatsopano ndi masiku 3, musadalire kuti mwatetezedwa. Amene amamwa Microlut, aja amapatsidwa kwa amayi oyamwitsa, kuchedwa ndi maola opitirira 3 ndi kokwanira kutsegula mpata. A nyeleti ya Depo ya miyezi 3 muli ndi danga: ngati tsiku lolembedwa pa khadi lapitirira ndi masabata osakwana 4, pitani mukangobayitsa. Likapitirira masabata 4 ndipo mwagonana, pemphani zonse ziwiri, nyeleti ndi mapilitsi adzidzidzi.

Ndipo ngati wina wakugonani mokakamiza, kaya ndi mlendo, chibwenzi, wachibale kapena mwamuna wanu, mukufunika thandizo loposa mapilitsi okha. Ndafotokoza zimenezo padera m'munsimu.

Chachiwiri, werengani maola

Tengani foni kapena kapepala, lembani tsiku ndi ola limene munagonana. Tinene kuti zachitika Lachisanu nthawi ya 22:00. Maola 72 atha Lolemba 22:00. Maola 120, omwe ndi masiku 5, atha Lachitatu 22:00. Mukaona choncho mtima umanama kuti nthawi ilipo, ndidikira Lolemba ku MCH, kuja amayi amapita kusikelo, atsegule. Musatero. Malirewo ndi a mapeto, koma mphamvu ya piritsi imachepa tsiku lililonse, chifukwa simudziwa ola limene dzira lanu lituluke. Piritsi limachedwetsa dzira kutuluka, lili ngati kutseka khola mbuzi isanatuluke. Ikatuluka, kutsekako kulibenso ntchito. Womwa Loweruka m'mawa ali pabwino kuposa womwa Lolemba madzulo, ngakhale onse ali mkati mwa maola 72.

Ngati munagonana kangapo m'masiku apitawa, werengani kuyambira ulendo woyamba, ndipo muwauze anesi zonse. Ngati masiku 3 apita kale, musakhale pansi n'kunena kuti basi zada. Mpaka tsiku la 5 chochita chilipo.

Chachitatu, dziwani njira zimene zilipo

Njira yopezeka kwambiri ndi piritsi la levonorgestrel. Mayina a pa bokosi amasiyana malinga ndi kampani, ambiri amadziwa Postinor-2, koma inu yang'anani mawu akuti levonorgestrel ndi nambala yake. Mukatsegula kabokosi mupeza kapepala kopindidwa ndi kachitsulo konyezimira kokhala ndi piritsi limodzi kapena awiri ang'onoang'ono oyera. Likakhala limodzi ndi la 1.5 mg, mezani basi. Akakhala awiri, lililonse ndi la 0.75 mg. Mapepala ena akale amati mumwe limodzi tsopano, lina pakapita maola 12, koma mukhoza kumeza onse awiri nthawi imodzi ndipo agwira chimodzimodzi. Ine ndimati mezani onse pamodzi, chifukwa lachiwirilo ambiri amaliiwala kapena kugona nalo pansi pa pilo. Limagwira bwino mkati mwa maola 72, ndipo likhoza kumwedwa mpaka maola 120 ngakhale mphamvu yake imakhala yochepa.

Palinso piritsi la ulipristal la 30 mg, lodziwika ndi dzina loti ellaOne, limene limasunga mphamvu yake bwino mpaka tsiku la 5. Silipezeka paliponse ndipo ndi lodula. Mukalipeza ndi bwino, makamaka ngati masiku 3 apita, koma musathere tsiku lonse mukuzungulira m'tauni kulifuna pomwe levonorgestrel ili pa shelefu patsogolo panu.

Njira yamphamvu kuposa zonse ndi imene anthu saitchula kawirikawiri: lupu ya kopa. Ndi kachipangizo kakang'ono kooneka ngati chilembo T kamene namwino wophunzitsidwa amaika m'chiberekero, ntchito ya mphindi zochepa. Ikaikidwa mkati mwa masiku 5, mwa amayi 100 oposa 99 satenga mimba. Kunenepa kwa munthu sikuichepetsa mphamvu, mankhwala ena amene mukumwa sailowerera, ndipo ikakhalamo imakutetezani zaka 10 kapena kuposerapo. Tsiku limene mwafuna mwana amaichotsa, ndipo mukhoza kutenga mimba mwezi womwewo. Vuto lake ndi loti si kiliniki iliyonse ya kumudzi ili ndi munthu wodziwa kuika, ndipo poika pamapweteka ngati cham'mimba cha kumwezi. Miyezi yoyamba msambo ukhoza kuchuluka. Anesi amayamba akuyezani, chifukwa ngati pali matenda otulutsa mafinya kumaliseche sangaike kufikira mutachira. Ngati mwasankha lupu koma akuti mubwere mawa kapena akutumizani ku chipatala chachikulu, imwani piritsi lero lomwe, lupu ikakupezeni mutatetezedwa kale.

Kwa amene muli kutali, kumidzi ya ku Vubwi, Chadiza kapena mkati mwa Lundazi kumene kukwera njinga kupita ku kiliniki ndi ulendo wa theka la tsiku, pali njira ina yogwiritsa ntchito mapilitsi wamba achilezi. Paketi ya Microgynon ya mapilitsi 28 ili ndi 21 amtundu umodzi okhala ndi mankhwala, ndi 7 omaliza amtundu wina omwe alibe mankhwala oletsa mimba. Tengani 4 mwa aja 21, mezani nthawi imodzi. Pakapita maola 12 ndendende mezani ena 4. Njira imeneyi imachititsa mseru kwambiri ndipo mphamvu yake ndi yocheperapo, koma iposa kukhala chete. Musaiyese ndi mapilitsi amene simukudziwa dzina lake.

Kuti muone kusiyana kwake: mabuku a bungwe la World Health Organization amati amayi 100 atagonana kamodzi osadziteteza m'sabata yachiwiri kapena yachitatu ya mwezi wawo, pafupifupi 8 angatenge mimba. Onse atamwa mapilitsi wamba aja 4 ndi 4, angatenge ndi 2. Atamwa levonorgestrel, mmodzi. Palibe piritsi lotseka kotheratu, ndiye chifukwa chake kuyeza mimba pambuyo pake sikudumphidwa.

Chachinayi, kopita

Ku makiliniki a boma chithandizo chachilezi ndi chaulere. M'tauni mukhoza kupita ku kiliniki ya dera lanu, monga ya ku Kapata, kapena ku Chipata Central Hospital. Ku Katete, Petauke, Nyimba, Sinda, Mambwe ndi maboma ena, pitani ku kiliniki kapena chipatala chapafupi. Funsani ku MCH, kuja amayi amapita kusikelo. Ngati ndi Loweruka, Lamulungu kapena usiku ndipo kumeneko n'kotseka, pitani kumene akulandirira odwala tsikulo kapena ku chipinda cha amayi oyembekezera, kumene kumakhala anamwino usiku wonse. Kumidzi, funsaninso alangizi a zaumoyo a m'dera, aja amagawa makondomu ndi mapilitsi. Ngati alibe, amadziwa kumene ali.

Nthawi zina mankhwala amatha m'kiliniki, ndipo zipatala zina za mishoni sizipereka njira zina zachilezi chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo wawo. Mukauzidwa kuti palibe, musabwerere kunyumba. Funsani pomwepo kuti, "Nanga ndingawapeze kuti lero?" n'kupitiriza ulendo.

Makemisiti ambiri m'tauni amagulitsa levonorgestrel popanda kalata ya dokotala. Gulani m'sitolo ya mankhwala yokhala ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, osati pa kantemba kapena kwa munthu woyala mankhwala padzuwa mumsika, chifukwa mankhwala achinyengo ndi otha mphamvu amadutsira kumeneko. Musanalipire tembenuzani bokosi muone tsiku lothera ntchito, ndipo onani kuti kachitsulo ka mkati sikanabooledwe.

Tsopano chimene chimavuta ambiri, kutsegula pakamwa. Simufunika kufotokoza mbiri ya chibwenzi chanu. Ku kiliniki ingonenani kuti, "Asisita, ndinagonana osadziteteza usiku wa Lachisanu, ndikufuna mapilitsi oletsa mimba mwadzidzidzi." Ku kemisiti, ngati pali anthu pa mzere ndipo mawu akukanika, lembani levonorgestrel pa foni n'kumuonetsa wogulitsa. Amagulitsa mankhwala amenewa tsiku ndi tsiku, sadabwa. Mayi wapabanja safunika kalata kapena chilolezo cha mwamuna wake. Ndipo abambo ndi anyamata, palibe choletsa inu kupita kukagula. Kondomu inang'ambika muli awiri. Kwerani njinga m'mawa, mukabwere nalo piritsi, m'malo mongotumiza meseji yofunsa ngati zinthu zili bwino.

Atsikana achichepere, makiliniki ambiri a boma ali ndi kachipinda ka achinyamata komwe mumalandiridwa ndi anzanu ophunzitsidwa. Funsani kumeneko. Zimachitika kuti wachikulire wina akuyankhani mokalipa kuti mwana ngati iwe ukufuna zimenezi. Zimapweteka, ndikudziwa, koma musalole kuti mawu a munthu mmodzi akusankhireni tsogolo. Pitani kwa namwino wina, kapena bwererani ndi akulu anu kapena azakhali amene mumawakhulupirira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo chigawo chathu cha kum'mawa chinali pamwamba pa nambala imeneyo. Ife akuluakulu, mwana akalimba mtima n'kutiuza, ntchito yathu ndi kumuperekeza. Kulangiza kubwere atamwa kale piritsi.

Chachisanu, nenani mankhwala ena amene mukumwa

Apa pamafunika chilungamo, chifukwa pali mankhwala amene amachititsa chiwindi kuphwanya piritsi msanga lisanagwire ntchito. Awa ndi rifampicin wa TB, mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, komanso ma ARV okhala ndi efavirenz. Ngati mukumwa amenewa, kapena munawasiya mwezi usanathe, lupu ndiyo yabwino. Ikakanika, anesi angakupatseni levonorgestrel wowirikiza, 3 mg. Ambiri amene ali pa ma ARV masiku ano akumwa TLD, yokhala ndi dolutegravir, ndipo imeneyo siilimbana ndi piritsili. Imwani monga wina aliyense, ma ARV anunso osadumpha.

Kwa amayi onenepa kwambiri levonorgestrel ikhoza kuchepa mphamvu, choncho funsani za lupu kapena ulipristal. Oyamwitsa akhoza kumwa levonorgestrel n'kupitiriza kuyamwitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, imwani pomwepo

Musalisunge kuti mukamwere kunyumba usiku anthu atagona. Pemphani madzi pomwepo kapena gulani botolo panja. Kudya kanthu kochepa kumathandiza kuchepetsa mseru. Mukasanza maola 2 asanathe, piritsi latuluka nawo, muyenera kumwa lina. Kwa ulipristal malire ndi maola 3. Mutu, chizungulire, kutopa, mawere kuwawa kapena timagazi tochepa ndi zinthu zodziwika ndipo zimatha patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Pali zonena zambiri m'makomboni zimene ndikufuna kuziyankha mosapita m'mbali. Piritsili silichotsa mimba. Ngati mimba inalowa kale, siliichotsa ndipo silivulaza mwana. Siliumitsa chiberekero, siliunjikana m'mimba, ndipo mwezi wotsatira mukhoza kutenga pakati ngati wina aliyense. Komanso zija anthu amalangizana, zoti imwa Coca-Cola ndi Panadol wambiri, tiyi wowawa, madzi a phulusa kapena sopo wochapira, kudumphadumpha, kukodza kapena kutawasa mukangotha, palibe chimodzi chimene chimaletsa mimba. Mbewu imakhala italowa kale mkati mwa mphindi zochepa. Panadol wambiri amawononga chiwindi ndipo amapha.

Musaiwale HIV

Piritsi loletsa mimba siliteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Ngati simudziwa mmene magazi a mnzanuyo alili, pa ulendo womwewo pemphani PEP. Awa ndi ma ARV amene munthu wopanda kachilombo amamwa masiku 28 kuti kasakhazikike m'thupi, ndipo ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Apa palibe za masiku 5. Ayamba akuyezani magazi, kenako n'kukupatsani. N'chifukwa chake ndimakonda kuti munthu apite ku kiliniki ngakhale atagula kale piritsi ku kemisiti. Ngati zoterezi zimakuchitikirani kawirikawiri, funsaninso za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amamwa pofuna kudziteteza asanakumane nako.

Ngati munagwiriridwa

Si mlandu wanu, kaya munavala chiyani, kaya munali kuti. Pitani ku chipatala msanga, ndipo musadikire kuti achibale ayambe akhala pansi. Apa ndi pamene timataya ana ambiri. Mwana wagwiriridwa Lachiwiri, amalume aitanidwa kuchokera kumudzi, banja la mnyamata lipempha kuti tikambirane pachibale, nkhani ya kulipiritsa ikokedwa mpaka Loweruka, ndipo pamene wina akumbukira za chipatala maola 72 a PEP anatha kale, masiku 5 nawonso akutha. Mbuzi kapena ndalama zimene banja lilandire sizichotsa kachilombo m'magazi a mwana. Mwa lamulo la Zambia, kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu waukulu ngakhale atanenedwa kuti anavomera, ndipo si nkhani yothera pabwalo la mfumu.

Ngati n'kotheka musasambe kapena kuchapa zovala musanaonedwe. Zovalazo zikulungeni m'pepala kapena m'chitenje choyera, osati m'pulasitiki, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Koma ngati mwasamba kale, pitanibe. Mankhwala agwira ntchito chimodzimodzi. M'zipatala zikuluzikulu funsani One Stop Centre, kumene achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira malo amodzi. Ku polisi funsani a Victim Support Unit. Pa foni, 933 ndi nambala yaulere ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo 116 ndi ya ana. Mtsikana amene wayamba kusamba, kapena amene thupi likuonetsa kuti ali pafupi kutha msinkhu, apatsidwe piritsi loletsa mimba pamodzi ndi PEP ndi mankhwala a matenda ena. Wopita naye aonetsetse kuti zonse zitatu zaperekedwa asanachoke.

Chomaliza, masabata 3 otsatira

Piritsi limene mwamwa lagwira ntchito pa zimene zinachitika kale, osati za mawa. Ndipo popeza langochedwetsa dzira, dziralo likhoza kutuluka patapita masiku ochepa, choncho kugonana osadziteteza sabata yomweyo n'koopsa kwambiri. Zikachitikanso, mukhoza kumwanso ngakhale mwezi womwewo, sizivulaza thupi. Koma amene akugula piritsili mwezi ndi mwezi akuwononga ndalama pa njira yofooka, msambo wake n'kumasokonekera, pomwe njira zamphamvu zikuperekedwa ulere.

Musachoke ku kiliniki musanafunse za njira yokhalitsa. Mukamwa levonorgestrel mukhoza kuyamba tsiku lomwelo mapilitsi a tsiku ndi tsiku, nyeleti ya Depo, Sayana Press imene amakuphunzitsani kudzibaya nokha kunyumba, kapena Jadelle wa pamkono wa zaka 5. Masiku 7 oyamba gwiritsani ntchito kondomu kapena dziletseni. Mukamwa ulipristal ndi zosiyana: dikirani masiku 5 musanayambe njira zimenezi, chifukwa zimafooketsa ulipristal, ndipo nthawi yonseyo kondomu isasowe.

Msambo wotsatira ukhoza kubwera msanga kapena mochedwa ndi masiku ochepa, wochuluka kapena wochepa. Ukachedwa kupitirira masiku 7, kapena ukabwera wochepa modabwitsa, yezani mimba. Ngati simukumbukira bwino masiku anu, werengani masabata 3 kuchokera tsiku lija munalemba, mukayezetse mkodzo ku kiliniki kapena mugule kachoyezera ku kemisiti, muyeze ndi mkodzo woyamba wa m'mawa. Kuyeza patangopita masiku awiri kapena atatu sikuonetsa kanthu, kumangokunamizani kuti muli bwino.

Mukamva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, pamodzi ndi chizungulire, kukomoka kapena kutaya magazi, thamangirani ku chipatala usiku womwewo, chifukwa mimba ikhoza kukhala kunja kwa chiberekero. Ndipo choyezera chikaonetsa mizere iwiri, bwererani kwa anamwino mukakambirane nawo, osati kwa munthu wa zitsamba kapena wogulitsa mapilitsi mobisa. Akuuzani kukula kwa mimbayo, ayamba kukuonani kusikelo ngati mwasankha kuisunga, ndipo akufotokozerani zimene lamulo la dziko lino la 1972 lokhudza kuchotsa mimba limalola kuchitikira m'chipatala.